Mabatani osintha mtundu m'kabuku ka PDF

Funso: Ndalemba kabuku ka maphunziro komwe ndikufuna kutumizira ophunzira anga ngati PDF. Ndinaonapo kabuku kena komwe ukafikitsa kamuvi ka mausi pa batani, bataniro limasintha mtundu, ndipo ukadina limakupititsa patsamba lina. Kodi zimenezi amazipanga bwanji?

Yankho: Zimenezi n'zotheka ndithu, koma zimadalira pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito. Microsoft Word imatha kuika malinki amene amadinikabe fayilo ikasungidwa ngati PDF, koma mabatani osintha maonekedwe simungawapangire mmenemo.

Mu Adobe InDesign, jambulani kabokosi, mulembemo mawu monga akuti "Tsamba lotsatira", kenako mukasandutse batani kudzera pa gawo la pulogalamuyi lotchedwa Buttons and Forms. Pamenepo batani limakhala ndi maonekedwe atatu: Normal ndi mmene limaonekera lisanakhudzidwe, Rollover ndi mmene limaonekera kamuvi kakafika pamwamba pake, ndipo Click ndi mmene limaonekera pamene likudinidwa. Pa Rollover ingoderetsani mtunduwo pang'ono, chifukwa batani losintha kwambiri limachotsa maso a wophunzira pa zimene akuwerenga. Mukatero, liuzeni chochita, monga Go To Next Page, kutanthauza kupita patsamba lotsatira. Ambiri amaphonya potulutsa fayilo: sankhani PDF ya mtundu wa Interactive, pakuti mukasankha Print, mabatani aja akaonekamo amangokhala zithunzi zosadinika. Ngati muli ndi Acrobat Pro, pulogalamu ina ya Adobe yokonzera mafayilo a PDF, maonekedwe a Rollover mudzawapeza mukaika Behavior (kachitidwe) ya bataniro pa Push.

Chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa n'chakuti ophunzira anu mwina adzawerengera kabukuka pafoni, ndipo pafoni palibe kamuvi. Chala chikakhudza galasi ndiye kuti chadina kale, motero kusintha mtundu kuja sikudzaoneka n'komwe, ndiponso mapulogalamu ena otsegulira PDF sasonyeza zonse zimene Adobe Acrobat Reader imasonyeza pakompyuta. Choncho musabise tanthauzo la mawu kapena yankho la funso pamalo oti liziwonekera pokhapokha mausi ikafikapo, chifukwa wowerengera pafoni adzamanidwa phunzirolo osadziwa n'komwe kuti pali chimene chamudutsa. Batani lizidziwika kuti ndi batani ngakhale lisanakhudzidwe, likhale ndi mawu omveka, komanso likhale lalikulu moti chala chachikulu n'kulidina osakhudza linzake. Musanatumize kabukuka, katseguleni pafoni yanu ndipo mudine batani lililonse, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.