Kwa bambo amene afunsa za boti la mamita 13 pa mtsinje wa Thames ku England

Bambo, ndawerenga funso lanu mofatsa. Mwanena kuti inu ndi mayi munapuma pa ntchito, nonse mwapitirira zaka 65, ndipo mukufuna kugula boti la injini la mamita 13 lokhala ndi zipinda zogona, kuti muziyenda nalo pa Thames awiriwiri popanda kulemba munthu wokuthandizani, koma ana akukana poti boti lotere lakukulirani. Ine ndi mayi akunyumba tili ndi boti locheperapo pang'ono pa mtsinje womwewu, choncho ndikuyankhani malinga ndi zimene manja athu agwira. Mukhoza kukwanitsa, koma chimene chidzagamule nkhaniyi si kutalika kwa botilo.

Pakati pa madzi boti lalikulu silivuta. Kumtunda kwa Teddington, dera la ku London kumene kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja kumalekezera, lamulo sililola kuthamanga kuposa makilomita 8 pa ola, ndipo boti lolemera silitekeseka ndi timafunde ta maboti ena monga limachitira laling'ono. Munthu mumakhala pa mpando, dzanja limodzi pa chiwongolero, tiyi ali pambali. Ntchito yonse yagona pa mphindi zisanu za kukocheza ndi kunyamuka, ndipo pa Thames mphindi zimenezi zimabwera kangapo pa tsiku, chifukwa kuchokera ku Teddington kukafika kufupi ndi tauni ya Lechlade kumtunda kwenikweni kuli ma lock 45, zipinda za madzi zija zokhala ndi zitseko uku ndi uku zokwezera ndi kutsitsira maboti.

Boti la mamita 13 limalemera matani oposa 10, lilibe mabuleki, ndipo mukapotoza chiwongolero kumene kumayamba kusuntha ndi kumbuyo, osati kutsogolo ngati galimoto. Likakhala lalitali m'mwamba, mphepo imalikankha cham'mbali pa nthawi yomwe mwachepetsa liwiro ndipo chiwongolero chasiya kumvera. Palibe munthu, wamkulu kapena mnyamata, amene angaimitse kulemera kumeneko ndi mwendo kapena mkono, ndiye m'boti lathu muli malamulo awiri osakambirana: dzanja kapena phazi lisalowe pakati pa boti ndi khoma, ndipo palibe kulumpha.

Lamulo lachiwirili tinalilipira. Chaka chathu choyamba tinkakocheza pamalo odikirira kulowa mu lock, mphepo ikutichotsa ku khoma, mayi ali kutsogolo ndi chingwe m'manja. Mpata utatsala ngati mita imodzi ndinakuwa kuti alumphe, iwo analumphadi, n'kutera pa simenti ya ndele. Bondo linatupa ngati dzungu, ndipo boti linakhala pa doko mpaka nyengo yoyenda inatha. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ntchito ya woyendetsa ndi kufikitsa boti pafupi moti munthu atsike ngati akutsika pa khonde, ndipo zikakanika ayenera kubwerera m'mbuyo n'kuyambanso, kaya akuyang'ana ndi anthu angati.

Chimene chinatipulumutsa pambuyo pake ndi chingwe cha pakati. Mumamanga chingwe chimodzi pa chitsulo chomangira chimene chili pakati pa boti, mayi ali chiimire m'botimo amakoloweka chingwecho pa mzati wa pagombe n'kuchibwezera pa chitsulo chija, kenako woyendetsa amalowetsa giya ya kutsogolo injini ikulira pang'onopang'ono, chiwongolero atachipotoza ngati akuchoka ku khoma. Boti limadzitsamiritsa lokha ku khoma n'kukhazikika, ndipo zingwe za kutsogolo ndi kumbuyo mumamanga mosapupuluma. Apa imagwira ntchito ndi injini, osati msana wa munthu, ndipo njira imeneyi ndi imene imachititsa kuti msinkhu usakhale nkhani yaikulu.

M'kati mwa lock zinthu zimasintha. Pa Thames mumayenera kukoloweka chingwe kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuzimitsa injini, ndipo madzi akamatsika zingwezo simumanga mfundo, mumazimasula pang'onopang'ono, apo ayi boti lidzalendewera. Izi zikutanthauza kuti woyendetsa ayenera kuchoka pa chiwongolero n'kukagwira chingwe cha kumbuyo mwamsanga. N'chifukwa chake ndikuti poona boti musayambe ndi khitchini kapena kukula kwa bedi. Yang'anani ngati pali chitseko cha m'mbali pafupi ndi chiwongolero, ngati tinjira ta m'mbali mwa boti n'totakata moti munthu ayende osapendekeka, ndiponso ngati zitsulo zogwirira zikufika m'chiuno osati m'mawondo. Maboti okhala ndi chiwongolero chachiwiri pa denga amakongola, koma ambiri amakhala ndi makwerero oimirira amene mudzatsike mothamanga kakhumi pa tsiku. Maboti oterewa sadutsanso pansi pa mlatho wa Osney ku Oxford, umene mpata wake kuchokera pa madzi ndi mamita 2.28 okha, kotero mtsinje wonse wa kumtunda mudzangoumva kwa anzanu.

Makina okankhira mutu wa boti cham'mbali, amene amawatcha bow thruster, ndi oyenera ndalama zake, ndipo ngati alipo ena kumbuyo ndi bwino koposa. Koma a magetsi amatentha n'kuzima mukawakanikiza nthawi yaitali, kawirikawiri pa tsiku la mphepo pamene mukuwafunitsitsa, choncho phunzirani kukocheza osawagwiritsa ntchito. Gulaninso timahedifoni tolankhulirana. Pa mamita 13, injini ikulira, mawu wamba safika, ndipo kukuwirana pamaso pa anthu kwaononga maulendo a mabanja ambiri kuposa mphepo.

Pali funso limene simunafunse, ndipo ndi limene ana anu akuopa ngakhale sanalitchule. Inu mutadwala mwadzidzidzi pa chiwongolero, kodi mayi angalifikitse boti ku gombe okha? Mabanja ambiri amagawa ntchito mozondoka: bambo, amene ali ndi mphamvu zochulukirapo, amakhala pa mpando, mayi ndiwo amalimbana ndi zingwe zonyowa. Sinthanani. Ku Britain lamulo silifuna laisensi kwa munthu woyendetsa boti lake la kukula kotere pongosangalala, koma zimenezo zisakunamizeni, ndipo a inshuwalansi adzafunsabe kuti munayendetsapo maboti otani. Bungwe la RYA (Royal Yachting Association), loona za maphunziro a oyendetsa maboti, lili ndi maphunziro a masiku awiri a kayendetsedwe ka boti la injini, ndipo alangizi ambiri amavomera kudzakuphunzitsirani m'boti lanu lomwe. Muphunzire nonse, ndipo tsiku lina mayi akaphunzire inu mulibe, chifukwa mwamuna akakhala pambali amalanda chiwongolero asanazindikire.

Funso linzake ndi la munthu wogwera m'madzi. Madzi a kuno miyezi yambiri amakhala pansi pa madigiri 15, ndipo munthu akagweramo amabanika, manja n'kufooka m'kanthawi kochepa. Munthu wamkulu wovala juzi ndi nsapato zonyowa sangakokedwe ndi mnzake mmodzi kudutsa m'mbali mwa boti lalitali. Pafunika makwerero a kumbuyo olowa m'madzi masitepe atatu kapena anayi, amene munthu ali m'madzimo angawatsitse yekha, ndi jekete yoyandamitsa yovala nthawi zonse mukakhala panja, malamba a pakati pa miyendo atamangidwa. Wotsala m'boti achotse giya nthawi yomweyo. Mu Ogasiti 2020 ku Great Yarmouth mayi wina anagwa kumbuyo kwa boti la hayala pamene linagunda khoma, n'kumwalira atakodwa ku pulopela. Linali boti la kukula ngati limene mukufunali, ndipo munali anthu angapo, zomwe zikusonyeza kuti kuchuluka kwa manja pakokha sikuteteza.

Za mapepala n'zosavuta: kulembetsa boti ku Environment Agency, bungwe la boma loyang'anira mtsinjewu, satifiketi ya chitetezo cha boti ya Boat Safety Scheme imene imakonzedwanso zaka 4 zilizonse, ndi alamu yochenjeza za mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, imene inakhala yokakamiza mu 2019. Kumunsi kwa Teddington ndi nkhani ina, madzi amakwera ndi kutsika ndi nyanja, ndipo ndikupemphani kuti chaka choyamba musapiteko nokha.

Mwayi waukulu umene muli nawo kuposa achinyamata ndi nthawi. Mvula ikachuluka, pa ma lock amaika zikwangwani zofiira zochenjeza kuti madzi akuthamanga, ndipo amene amaika moyo pachiswe ndi aja ofunika kukhala ku ntchito Lolemba. Asodzi kwathu sakankha bwato mwera ukamawomba, amakhala pa mchenga n'kumasoka maukonde. Inunso mukhoza kudikira masiku atatu pa doko popanda wokufunsani.

Mukandifunsa maganizo anga, boti la mamita 11 kapena 12 likukwanirani anthu awiri, ndipo lidzapeza malo okocheza mosavuta m'chilimwe ku Henley kapena ku Windsor, kumene mipata imatha dzuwa likadali pamutu. Koma ngati mtima wakhazikika pa la mamita 13, yambani mwachita hayala boti lalikulu kwa sabata imodzi pa Thames pomwepa, osati ku Norfolk Broads, mitsinje ndi nyanja zazing'ono za kum'mawa kwa England, chifukwa kumeneko mukhoza kuyenda sabata yonse osakumana ndi lock. Ndipo tsiku lokaona boti logulalo, pemphani kuti akutsegulireni chipinda cha injini, mutsikemo nokha, mugwade, muone oyilo, mutsegule sefa ya madzi oziziritsira injini, kenako mutuluke popanda wokugwirani dzanja. Mayi nawonso atero, chifukwa sefa imeneyo imadzaza udzu wa m'madzi, ndipo mudzaitsegula kambirimbiri chilimwe chisanathe.