Kodi kudandaula pa Facebook kungakumangitseni? Yankho kwa amayi a mu Taifa

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndisanayankhe. Mwati bambo a kunyumba akukuletsani kulemba pa Facebook zodandaula kukwera mtengo kwa katundu amene mumapikula kuti mugulitse mu msika wa Taifa kuno ku Mzuzu, ati mudzamangidwa, pomwe inu munamva pa wailesi kuti khoti linathetsa lamulo lomangira anthu chifukwa cha zolankhula. Ndiye mukufunsa kuti akunena zoona ndani. Nonse mukunena zoona, kungoti aliyense wagwira mbali yake. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Chibavi, ndipo nkhani imeneyi ndakhala ndikuitsata zaka zambiri chifukwa imandikhudza pamtima.

Tiyambe ndi mbali yanu. Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, gawo 35, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Mu 2022 aphungu anachotsa m'malamulo mlandu wa sedition, uja wakuti munthu walankhula zodzutsa chidani pa boma. Achinyamata mwina sadziwa kulemera kwake, koma umenewu ndi mlandu womwe a Chakufwa Chihana, mwana wa ku Rumphi kuno kumpoto, anamangidwa nawo mu 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe, pofuna kuti dziko likhale la zipani zambiri. Kenako mu July 2025 oweruza atatu a High Court, atakhala ngati khoti loona za malamulo aakulu, anagamula kuti gawo 200 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, ndi losemphana ndi ufulu wolankhula. Limeneli ndi gawo lomwe linkati kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu wa kupolisi, wopita nawo kundende. Anakadandaula ndi a Joshua Chisa Mbele, omwe ankaimbidwa mlandu pa zomwe analemba zokhudza mkulu wa asilikali. Zimene munamva pa wailesi ndi zimenezo, ndipo ndi zoona.

Koma khoti linathyola ndodo imodzi, zina zikadali pakona. Apa ndi pomwe bambo akunena zoona.

Pali lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Limeneli ndi lomwe apolisi amaligwiritsa ntchito kwambiri pa nkhani za pa foni. Gawo 87 limati munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza akugwiritsa ntchito foni kapena kompyuta kusowetsa mnzake mtendere popanda chifukwa chomveka, akhoza kulipitsidwa K1,000,000 ndi kukhala kundende miyezi 12. Gawo 86, lonena za kuzunza kapena kuopseza munthu pa intaneti, chilango chake chimafika zaka zisanu. Mu Penal Code momwemo mukadali gawo 60, loletsa kufalitsa nkhani yabodza yomwe ingadzetse mantha pakati pa anthu. Ndipo zimenezi si zongolembedwa pa pepala. Mu 2022 namwino wina ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mawu omwe analemba pa gulupu ya WhatsApp okhudza mtsogoleri wa dziko. Mu 2024 bambo wina ku Mponela anapezeka wolakwa chifukwa cha kanema woseka mtsogoleri yemwe anaika pa gulupu. Ngakhale mayi Martha Chizuma, ali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, anatengedwa ndi apolisi m'bandakucha mu December 2022 pa nkhani ya mawu awo ojambulidwa omwe anafala pa mafoni. Ngati zinawagwera amenewo, bambo a kunyumba sakulakwa kukuderani nkhawa.

Maganizo anga ndi akuti lamulo la 2016 lija linalembedwa ndi cholinga chabwino, kuteteza mtsikana amene mwamuna akumuvutitsa pa foni usiku ndi usana, kuteteza agogo amene akuba a pa foni akuwanamiza kuti atumize ndalama. Vuto ndi lakuti mawu ake ndi otambalala kwambiri, moti munthu wamphamvu akapsa mtima amatha kulowa nawo paliponse. "Kusowetsa mtendere" n'kutani kwenikweni? Nduna ikawerenga kuti msewu wa kwathu wakumbika ndipo mtima wake wawawa, ndiye kuti ndaisowetsa mtendere? Lamulo limeneli likufunika kukonzedwa, ndipo aphungu athu, a chipani chilichonse, tiziwafunsa za nkhaniyi akabwera kumisonkhano. Taona kale kuti chipani chikakhala kotsutsa chimalira ndi lamuloli, chikalowa m'boma chimalisunga.

Anthu ambiri amaganiza kuti boma limawerenga uthenga uliwonse wa pa WhatsApp. Uthenga wa pa WhatsApp umayenda wotsekedwa kuchoka pa foni yanu mpaka ya wolandira, a Airtel kapena a TNM saona zomwe mwalemba. Chomwe chimamangitsa anthu nthawi zambiri ndi screenshot. Mnzanu wa pa gulupu yomweyo, amene mumapemphera naye kapena kudya naye, amajambula n'kukapereka. Nambala yanunso inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika kuyambira 2018, choncho kudzitcha dzina lachilendo sikubisa munthu. Za pa Facebook ndiye zili poyera, aliyense amaona. N'chifukwa chake anthu anachita phokoso kumayambiriro kwa 2025 zitamveka kuti MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, ikufuna kugula makina a ndalama zokwana madola 1.5 miliyoni otsata zomwe zikufala pa masamba a mchezo. Iwo ankati akufuna kuthana ndi nkhani zabodza, koma ambiri tinafunsa kuti m'chaka cha chisankho, ndani azisankha kuti ili ndi bodza, ichi n'choona?

Komabe ndisakunamizeni kuti vuto lili kwa akuluakulu okha. Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso. Ku banki mkhonde ya kwathu kunali mayi wina wosunga ndalama, munthu wofatsa, wogulitsa mandasi pafupi ndi siteji ya kabaza. Tsiku lina kunayenda voice note yakuti wadya ndalama za gulu. Pofika madzulo inali itafika ku Luwinga ndi ku Mchengautuwa, kwa anthu osamudziwa n'komwe. Titakhala pansi Loweruka n'kuwerengetsa kope lija tsamba ndi tsamba, tinapeza kuti panalibe tambala yosowa, mlembi ndiye anaphonya pophatikiza. Koma mayi uja anakhala milungu osatulutsa beseni lake la mandasi. Ndinamupeza m'mawa wina kuli chifunga, atakhala pakhonde atafunda chitenje kumutu, mwana wake wamkazi atakana kupita kusukulu chifukwa anzake ankamutcha mwana wa mbava. Amene anayambitsa voice note ija anapepesa pa msonkhano wa anthu khumi ndi awiri, pomwe bodzalo linamvedwa ndi anthu mazanamazana. Choncho dziwani kuti khoti silinanene kuti kunamizira munthu n'kololedwa. Linati si nkhani yotsekera munthu m'chitokosi. Woipitsidwa mbiri akhoza kukusumirani ndithu, ndipo khoti likhoza kukulamulani kumupatsa chipepeso chomwe chingathetse mpamba wanu wonse. Kunena kuti "ine ndinangotumiza, sindinalembe" sikupulumutsa munthu, chifukwa wotumizayo wafalitsa nawo.

Tsono inu zomwe mukufuna kulemba ndi ziti? Kuti katundu wakwera, kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mpamba wanu unachepa mphamvu, kuti mafuta akasowa mtengo wa galimoto yochokera ku Songwe, kumalire ndi Tanzania, umakwera ndipo makasitomala amakuonani ngati ndinu wadyera. Amayi, zimenezo lembani. Palibe lamulo loletsa nzika kunena mtengo womwe yagulira katundu, kapena kunena kuti boma silikuyendetsa bwino chuma. Lembani zomwe mwaona ndi maso anu, tsiku lake, malo ake, mtengo wa mwezi watha ndi wa lero. Dzudzulani ntchito ya munthu, musiye za amayi ake, mtundu wake kapena matenda ake. Mawu akuti "wakuba" musamuike munthu wotchulidwa dzina ngati mulibe umboni m'manja. Nkhani yomwe yabwera ndi mawu akuti "tumizani kwa ena msanga" muziyamba mwaikayikira.

Zitachitika kuti mwaitanidwa kupolisi, musathawe ndipo musapite nokha. Gawo 42 la malamulo aakulu limati auzeni chifukwa chomwe akukugwirirani, muli ndi ufulu wokhala chete, muli ndi ufulu woonana ndi loya, ndipo akuyenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku lomwe khoti siligwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi kuno ku Mzuzu.

Chomwe chandilembetsa motalika chonchi ndi mawu aja akuti "ingokhalani chete". Ife a ku Mzuzu tikudziwa mtengo wa ufulu umenewu. Pa 20 July 2011 anthu anatuluka m'misewu kudandaula za kusowa kwa mafuta, ndalama zakunja ndi kukwera kwa zinthu, nkhani zomwezi mukufuna kulemba inuzi. Anthu pafupifupi 20 anafa m'dziko muno, ndipo mzinda wathu ndi womwe unalira maliro ambiri. Manda awo ali ku Zolozolo, ndimadutsako. Ndikamva mayi wogulitsa mu msika akuuzidwa kuti asatchule ngakhale mtengo wa katundu wake, ndimakumbukira anyamata amenewo ndipo mtima umandiwawa.

Bambo a kunyumba muwawerengere yankho lino madzulo, ndipo zomwe mwalemba muziyamba mwawaonetsa musanaziike, kuti mtima wawo ukhale m'malo. Mukaziika mundidziwitse pano pa gulupu, ine ndidzawonjezera pansi pake mtengo womwe tikugulira thumba la makala ku Chibavi mwezi uno.