Funsani za Mpira: Mafunso Anu pa Ndime Zomaliza za Champions League

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukamba za ndime zomaliza za mpikisano wa UEFA Champions League, pamene timu iliyonse imasewera kawiri, pakwawo ndi koyenda, ndipo yogonja imatuluka. Tasankhapo makalata asanu.

FUNSO: Ine ndimakonda mpira wopatsirana. Ndimakangana ndi anzanga chifukwa ndimati Inter Milan ya 2010 ndi Chelsea ya 2012 sizinayenere kutenga chikho, popeza zinangodzazana kumbuyo pokumana ndi Barcelona. Kodi amenewo si mantha? — Wokonda Barcelona, Chilomoni

YANKHO: Zikomo achimwene. Ndikumvetsa kuwawa kwanu, koma pa nkhani ya Inter sindikugwirizana nanu. Anthu ambiri amakumbukira masewero achibwereza a ku Camp Nou okha, n'kuiwala kuti pa masewero oyamba ku San Siro, Inter inagonjetsa Barcelona 3-1. Pedro ndiye anayamba kugoletsa, koma Wesley Sneijder, Maicon ndi Diego Milito anabweza, ndipo zigoli zitatu sizibwera kwa timu yongobisala. Ndi zoona kuti Barcelona inayenda ulendo wautali pa basi chifukwa phulusa la phiri limene linaphulika ku Iceland linaimitsa ndege, koma zimenezo sizichotsa kanthu pa ntchito imene anyamata a José Mourinho anagwira usiku umenewo.

Ku Camp Nou, Thiago Motta anapatsidwa khadi lofiira mu mphindi ya 28, ndipo Inter inatsala ndi osewera 10 kwa nthawi yoposa ola lathunthu. Apa ndi pamene ndikufuna muonetsetse bwino. Mourinho ankadziwa kuti Xavi ndi Lionel Messi amavulaza timu akapeza mpata pakati, kutsogolo kwa otseka kumbuyo, choncho anatseka pakatipo ndi mizere iwiri yoyandikana kwambiri n'kuisiyira Barcelona m'mbali. Mpira unkayenda kuchoka kumanja kupita kumanzere, kubwereranso kumanja, ndipo mapeto ake unkaponyedwa m'mwamba, kumene Lúcio ndi Walter Samuel ankaudikirira ndi mitu. Samuel Eto'o, munthu amene chaka chimodzi m'mbuyomo anagoletsera Barcelona yomweyo mu fainolo ya ku Rome, anathera usiku wonse akuthamanga chakumbuyo kumanzere ngati wotseka kumbuyo. Katswiri wa msinkhu umenewo kuvomera ntchito yotere ndi chizindikiro chakuti timu yonse inakhulupirira dongosolo la mphunzitsi. Gerard Piqué anagoletsa mu mphindi ya 84, chigoli cha Bojan chinakanidwa chifukwa mpira unali utagunda dzanja la Yaya Touré, ndipo Inter inapitirira 3-2 pophatikiza masewero onse awiri.

Za Chelsea muli ndi mfundo pang'ono, chifukwa mwayi unalipo wambiri. Messi anamenyetsa penate pa chitsulo chapamwamba, ndipo mu fainolo ya ku Munich yolimbana ndi Bayern, goloboyi Petr Čech anagwira penate ya Arjen Robben mu nthawi yoonjezera. Komabe taganizirani mmene zinthu zinalili ku Camp Nou: Gary Cahill atatuluka atavulala, John Terry atachotsedwa ndi khadi lofiira, timu ikugonja 2-0, Ramires anathamangabe kuchokera kumbuyo kukalandira mpira wa Frank Lampard n'kuudutsitsa pamwamba pa goloboyi. Munthu wamantha sathamanga ulendo umenewo. Ku Munich, Bayern inamenya makona 20 pamene Chelsea inapeza kona imodzi yokha, ndipo pa kona imeneyo Didier Drogba anagoletsa ndi mutu mu mphindi ya 88. Mpira wopatsirana ndimaukonda nanenso, koma timu imene ikudziwa kuti ikatsegula bwalo ithyoledwa ili ndi ufulu wokana kusewera mpira umene mdani wake akufuna.

FUNSO: Kodi Real Madrid ili ndi chiyani? Mu 2022 inkaoneka yogonja kale pokumana ndi PSG, Chelsea komanso Manchester City, koma inatenga chikho. Kwathu kuno ena akuti ndi mwayi, ena akuti pali mankhwala. — Mayi wokonda mpira, Mchesi, Lilongwe

YANKHO: Mayi, za mankhwala tizisiye, chifukwa zimene zinachitika zimaoneka ndi maso. Usiku wa pa 4 May 2022 ndinaonera masewero achibwereza a Madrid ndi City a ku Bernabéu mu vidiyo sho yodzaza, anthu atapanikizana pa mabenchi, ena atakhala pansi kutsogolo. Riyad Mahrez atagoletsa mu mphindi ya 73, City inatsogola 5-3 pophatikiza masewero onse awiri, ndipo ochemerera Madrid angapo anayamba kutuluka kuti akapeze kabaza usiku usanapite kwambiri. Bambo wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anangopinda manja n'kukhala chete. Patapita mphindi zochepa, amene anatuluka aja anabwerera akuthamanga atamva phokoso ali pamsewu.

Pali zinthu zitatu zimene zinachitika phokosolo lisanamveke. Carlo Ancelotti anatulutsa Toni Kroos, Casemiro ndi Luka Modrić, akatswiri amene anamanga mbiri ya timuyi pakati pa bwalo, n'kulowetsa Rodrygo, Marco Asensio ndi Eduardo Camavinga. Ndi aphunzitsi ochepa amene angalimbe mtima kuchotsa atatu amenewo pa masewero otere. Pep Guardiola naye anatulutsa Kevin De Bruyne ndi Mahrez pofuna kusunga zimene anali nazo. Chachitatu, Jack Grealish anapeza mipata iwiri yotseka nkhani, koma Ferland Mendy anachotsa mpira woyamba pamzere wa golo ndipo Thibaut Courtois anakankha wachiwiri ndi phazi. Kenako Camavinga anaponya mpira wautali kwa Karim Benzema, amene anaubwezera kwa Rodrygo. Mphindi ziwiri zisanathe, Dani Carvajal anaponya mpira wina kuchokera kumanja, Asensio anaukhudza, Rodrygo anaumenya ndi mutu. Mu nthawi yoonjezera Rúben Dias anagwetsa Benzema, ndipo Benzema yemweyo anagoletsa penate. Zigoli ziwiri zoyamba zija zinadutsa m'miyendo ndi m'mitu ya anthu amene anachokera pabenchi.

Chimene ndimaona mwa Madrid ndi chakuti sitekeseka ikagoletsedwa. Timu zambiri zikamwetsedwa chigoli pa ndime imeneyi zimasokonezeka kwa mphindi zisanu kapena khumi, osewera amayamba kulozana zala, ndipo chigoli chachiwiri chimalowa m'kati mwa chisokonezo chomwecho. Madrid imapirira nthawi yoipa popanda kutaya dongosolo, kenako imadikira kuti mdani ndiye asokonezeke. Zinabwerezekanso mu 2024 pamene Joselu, wochokera pabenchi, anagoletsa Bayern kawiri m'mphindi zomaliza. Onjezerani goloboyi ngati Courtois, amene anapulumutsa mipira 9 mu fainolo ya ku Paris yolimbana ndi Liverpool. Ndipo amene akukamba za mankhwala afotokoze chifukwa chake timu yomweyi inakwapulidwa 4-0 ndi City mu 2023, n'kutulutsidwanso ndi Arsenal 5-1 pophatikiza masewero awiri mu 2025, pamene Declan Rice anagoletsa mafilikiki awiri pa masewero oyamba ku London.

FUNSO: N'chifukwa chiyani Guardiola amasintha zinthu pa masewero akuluakulu? Mpaka lero sindimvetsa zimene anachita mu fainolo ya 2021. — Wotsatira Manchester City, Zomba

YANKHO: Bambo, simuli nokha. Ku Porto, Guardiola anayamba masewero popanda Rodri kapena Fernandinho, anthu awiri amene ntchito yawo inali kuima patsogolo pa otseka kumbuyo n'kudula mipira ya adani, ndipo udindo umenewo anaupereka kwa İlkay Gündoğan, amene nyengo imeneyo ankagoletsa zigoli zambiri akamasewera chakutsogolo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchilondola. Chelsea ya Thomas Tuchel, yosewera ndi otseka kumbuyo atatu, inali itagonjetsa City kawiri m'masabata ochepa fainolo isanafike, mu FA Cup komanso mu ligi, choncho Guardiola anafuna osewera ambiri aluso kutsogolo kuti aphwanye khoma limenelo.

Mtengo wake unaoneka mu mphindi ya 42. Mpira unachoka kwa goloboyi Édouard Mendy kupita kwa Ben Chilwell, kenako kwa Mason Mount, amene anapeza nthawi yokweza mutu popanda womupanikiza. Timo Werner anathamangira kumbali n'kukoka wotseka kumbuyo, pakati panatseguka msewu, ndipo Kai Havertz anadutsa mmenemo n'kugoletsa. Malo amene mpira unadutsawo ndi omwe Fernandinho ankakhala. Fernandinho analowa m'chigawo chachiwiri, De Bruyne atatuluka kale atagundana ndi Antonio Rüdiger, ndipo N'Golo Kanté anali atalanda kale pakati pa bwalo.

Maganizo anga ndi akuti analakwitsa, ngakhale kuti sindigwirizana ndi amene amanena kuti mphunzitsi asamasinthe kanthu mu fainolo. Rafael Benítez analowetsa Dietmar Hamann pa nthawi yopuma ku Istanbul mu 2005, Liverpool ikugonja 3-0 kwa AC Milan, ndipo kusintha kumeneko ndiko kunamasula Steven Gerrard n'kuchepetsa ufulu wa Kaká. Kusiyana kwake n'kwakuti Benítez anatseka bowo limene linkaoneka, pamene Guardiola anatsegula bowo pa malo amene timu yake inali yolimba. Mu 2023, mu mzinda womwewo wa Istanbul, Rodri anayamba masewero ndipo ndi iye anagoletsa chigoli chimene chinapatsa City chikho chake choyamba cha mpikisanowu.

FUNSO: Kodi lamulo la chigoli cha koyenda linapita kuti? — Mphunzitsi wa sukulu, Mzimba

YANKHO: Aphunzitsi, bungwe la UEFA linalichotsa mu June 2021, litagwira ntchito kuyambira 1965. Lamuloli linkati matimu akafanana zigoli pophatikiza masewero awiri, yopitirira ndi imene yagoletsa zambiri koyenda. Ndi limene linatengera Tottenham ku fainolo ya 2019, Lucas Moura atagoletsa katatu ku Amsterdam, Ajax n'kutuluka zigoli zili 3-3. Chifukwa chachikulu chimene chinaperekedwa polichotsa chinali chakuti matimu a pakhomo ankaopa kuukira pa masewero oyamba, podziwa kuti chigoli chimodzi cha alendo chili ndi mtengo waukulu. Tsopano zigoli zikafanana pamakhala mphindi 30 zoonjezera, kenako mapenate. Lamuloli likanakhalapo mu 2022, Madrid ikanapitirira ndi chigoli chachiwiri cha Rodrygo popanda nthawi yoonjezera, chifukwa inagoletsa katatu ku Manchester. Kuno ku Africa linagwirabe ntchito mu 2025, pamene Mamelodi Sundowns inatulutsa Al Ahly mu semifainolo italepherana nayo 0-0 ku Pretoria ndi 1-1 ku Cairo.

FUNSO: PSG inalephera ili ndi Messi, Neymar ndi Mbappé. Zinatheka bwanji kuti itenge chikho atatuwa atachoka? — Mnyamata wa ku Mangochi

YANKHO: Mphwanga, funso lanu ndi limene ndalikonda kwambiri pa onse. Atatu amenewo ndi akatswiri osayerekezeka mpira ukakhala kumapazi awo, koma timu ikataya mpira, ena asanu ndi awiri otsala m'bwalo, kupatula goloboyi, ndiwo ankanyamula ntchito yothamangitsa adani. Mu ligi ya ku France zimenezo zinkabisika. Pa ndime zomaliza za ku Ulaya, kumene timu iliyonse ili ndi otseka kumbuyo odziwa kupatsira mpira, sizingabisike.

Mphunzitsi Luis Enrique anamanga timu imene aliyense amathamanga, ndipo chitsanzo chake ndi Ousmane Dembélé. Mu fainolo ya pa 31 May 2025 ku Munich, Dembélé sanagoletse, koma nthawi iliyonse imene goloboyi wa Inter, Yann Sommer, ankafuna kuyambitsa mpira, iye ankaima pamzere wa bokosi atawerama, maso ali pa mpira, wokonzeka kuthamanga. Inter inakakamizika kuponya mipira yaitali, ndipo Vitinha, João Neves ndi Fabián Ruiz ankaitola pakati. Chigoli choyamba chinagoletsedwa ndi Achraf Hakimi wa ku Morocco, wotseka kumbuyo kumanja, ataima pamaso pa golo pamene mukanayembekeza wosewera kutsogolo. Amene anamupatsira anali Désiré Doué wa zaka 19, yemwe pambuyo pake anagoletsa kawiri. Khvicha Kvaratskhelia ndi Senny Mayulu anamaliza ntchito, zigoli n'kukhala 5-0, kusiyana kumene kunali kusanaonekepo mu fainolo ya mpikisanowu.

Tisaiwalenso mbali ya Inter. Inafika ku Munich itadutsa mu semifainolo yolemera kwambiri ndi Barcelona, imene inatha 7-6 pophatikiza masewero awiri, Francesco Acerbi wa zaka 37 atafananitsa zigoli m'mphindi zoonjezera za woyimbira ndipo Davide Frattesi atagoletsa mu nthawi yoonjezera. Inali timu ya anthu achikulire yokumana ndi achinyamata, ndipo itangogoletsedwa kawiri m'mphindi 20 zoyambirira, inayenera kutuluka m'khola n'kutsegula bwalo, chinthu chimene PSG inkafuna kuyambira pachiyambi.