Pitani mu Meyi momwemo, koma musathamangire kuona zonse

Achemwali, mwafunsa ngati gulu lanu la kuntchito lingakwanitse kukwera phiri la Zomba Loweruka ndi Lamulungu mu Meyi, chikhalirecho ena sanakwerepo phiri. Mukwanitsa ndithu, ndipo mwezi mwasankha bwino. Nthawi ya masika mvula imakhala itakata, mitsinje ikadali ndi madzi ambiri, kutali kukuoneka bwinobwino. Mukadikira Seputembala, utsi wa moto wakutchire umaphimba chigwa chonse, kutopa kwanu n'kupita pachabe.

Chomwe ndikupemphani n'chakuti musaunjike malo onse tsiku limodzi. Phirili pamwamba pake ndi potambalala kwambiri kuposa mmene limaonekera tili m'tauni muno.

Loweruka lawirirani. Amene ali ndi mphamvu akwere wapansi kudzera Potato Path, kanjira kachidule koma kokwera zedi, kopweteketsa mawondo. Otsalawo akwere pa galimoto, nonse mukakumane pa Ku Chawe, pomwe pali hotela pamwamba pa phirilo. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ulendo weniweni umayambira pompo. Kuchoka apo pitani ku damu la Mulunguzi, lomwe limatipatsa madzi akumwa kuno ku Zomba, kenako mutsate mtsinje mpaka pa Williams Falls. Njira imeneyi imadutsa m'mitengo, pansi pali chinyezi, ndipo miyala ya pamathithi ili ndi ndele, yoterera ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Nsapato zosalala kuphazi zisiyeni kunyumba. Pamenepo khalani pansi, mudye, muviike mapazi m'madzi ozizirawo. Chakudya musachisiye poyera, anyani sachedwa.

Lamulungu likhale la Emperor's View, pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndi Queen's View yomwe ili chapafupi. Fikani kusanatenthe. Kukakhala kopanda mitambo muona tauni yonse pansi panu, nyanja ya Chilwa, ndi phiri la Mulanje chakutali uko. Ine malo amenewa sanditopetsa. Chingwe's Hole, komwe kuli dzenje lakuya, ndi kokongola, kumaonekera chigwa cha Shire, koma ndi kutali kwa anthu ongoyamba kumene. Kumeneko mudzapite ulendo wina.

Tengani munthu wakonko wolondolera njira. Amapezeka pafupi ndi Ku Chawe, ndipo mtengo mugwirizane musananyamuke. Tinjira ta anthu otola nkhuni tachuluka, timafanana, ndipo nkhungu ikatsika simuona ngakhale mnzanu ali patsogolo panu. Phirili nsonga yake imapitirira mamita 2,000, choncho chiperoni chikayamba kumazizira kwenikweni. Aliyense anyamule juzi ndi chodziteteza ku mvula, ngakhale m'tauni kutacha bwino. Ngati mukagone komweko, kaya ku hotela kaya m'matenti, sungitsiranitu malo.

Nkhani ya moto ndiyo imandiwawa mtima. Mitengo yatha kale kwambiri m'phirimu, ndipo madzi omwe timamwa amadalira yotsalayo. Ngati mukufuna kuotcha nyama, funsani a zankhalango malo ololedwa, ndipo muzimitse ndi madzi mpaka phulusa lizizire. Mabotolo ndi majumbo mutsike nawo.

Munyamulenso ndalama zosinthasintha zogulira zipatso kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo muyambe kutsika isanakwane 4 koloko, chifukwa mu Meyi dzuwa sililowa mochedwa ndipo msewuwo ndi wokhotakhota.