Funsani Aphunzitsi: Kodi 28 Ndi Nambala ya Mwayi?

FUNSO: Aphunzitsi, mwana wanga wa Fomu 2 wabwera ndi nkhani yakuti 28 ndi "perfect number". Bambo ake akuti n'chifukwa chake maboma a m'Malawi muno alipo 28, ati ndi nambala ya mwayi. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 8, ndiye ndangoti kukamwa yasa. Zoona zake n'ziti? Mayi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mayi, mwanayo sakunama. Koma bambowo muwauze mwaulemu kuti za mwayi palibepo. Boma la Neno lisanapatuke ku Mwanza mu 2003, maboma anali 27, ndipo palibe amene anadandaula kuti dziko lasowa mwayi.

Tengani nyemba 28 muziike pa lichero. Mukafuna kuzigawa m'milu yofanana popanda yotsala, mulu uliwonse ukhoza kukhala wa nyemba 1, 2, 4, 7 kapena 14 basi. Tsopano phatikizani: 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Yankho ndi 28 yemweyo! Ndiye tanthauzo la dzinalo: manambala amene amaigawa, kupatula iyo mwini, mukawasonkhanitsa amabweza nambala yomweyo, osapitirira, osaperewera.

Kuti muone kusowa kwake, yesani zina. Pa 12 mupeza 1, 2, 3, 4 ndi 6, zomwe zikukwana 16, yasefukira. Pa 27, nambala yakale ya maboma ija, mupeza 1, 3 ndi 9, zomwe ndi 13 chabe, yaperewera kutali. Manambala ambiri amagwera mbali ziwirizi. Okwana ndendende ndi 6, kenako 28, kenako mulumphe mpaka 496, ndiyeno 8,128. Yachisanu ndi 33,550,336. Ndikadali ndi choko m'manja ndinkawauza ana kuti afufuze yachitatu okha Lachisanu masana. Ankatuluka thukuta, ena n'kundinena kuti ndikuwazunza, koma amene anaipeza sanaiwalenso ma factor, manambala aja amene amagawa nambala ina popanda chotsala.

Nkhaniyi ndi yakalekale. Euclid, katswiri wachigiriki amene ankakhala ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, analemba njira yake. Yambani ndi 1, muziwirikiza kawiri n'kumaphatikiza: 1 + 2 + 4 = 7. Popeza 7 sagawika ndi nambala ina koma 1 ndi iye mwini, muchulukitse ndi nambala yomaliza ija, 4. Mwapeza 28. Mukapitiriza mpaka 16, zonse zikwana 31, ndipo 31 kuchulukitsa ndi 16 ndi 496. Patapita zaka pafupifupi 2,000, Leonhard Euler wa ku Switzerland anatsimikiza kuti perfect number iliyonse yogawika ndi 2 imapezeka mwa njira imeneyi. Nanga yosagawika ndi 2 iliko? Mpaka lero akatswiri ndi makompyuta awo sanaipeze, komanso sanatsimikize kuti kulibe. Ma perfect number onse opezeka anafika 52 mu October 2024.

Ine chimene chimandisangalatsa pa 28 ndi china. Mukawerenga 1 + 2 + 3 mpaka 7, mupezanso 28. N'chifukwa chake anthu 8 akakumana pa chinkhoswe, aliyense n'kugwirana chanza ndi mnzake aliyense kamodzi, moniyo imakwana 28: woyamba apereka 7, wachiwiri 6, mpaka womaliza amene wapatsidwa kale ndi onse.

Madzulo ano muwapatse bambo nyemba 496, mwanayo akhale woyang'anira. Milu yake ndi ya mitundu 9.