Timitambo tiwiri tosachoka pachithunzi

Funso: Akonzi, ndinajambula thambo usiku kumudzi kwathu ku Ntchisi mu Novembala, kamera nditailozetsa kummwera. Pachithunzi patuluka timitambo tiwiri totuwa pamene kumwamba kunali mbee, komanso mzere woyera. Kodi galasi la kamera lada?

Yankho: Musalipukute, galasilo lilibe mlandu. Timitamboto ndi milalang'amba iwiri (magulu aakulu a nyenyezi) yoyandikana ndi Mlalang'amba wathuwu, Large Magellanic Cloud ndi Small Magellanic Cloud. Kuwala kwa waukuluwo kumayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kufike kuno, ndipo anzathu a ku Britain saiona n'komwe chifukwa ili kummwera kwenikweni. Mukafuna kutsimikiza, tembenuzani kamera pang'ono n'kujambulanso. Fumbi limakhala pomwepo pachithunzi ndipo limaoneka lakuda, pomwe timitamboto timasuntha limodzi ndi nyenyezi.

Mzerewo ndiye uyang'anitsitseni. Ukakhala wa timadontho tofiira ndi toyera, ndi ndege. Ukakhala wofanana kunenepa kuyambira pomwe wayambira mpaka pothera, n'kupitirira pachithunzi chotsatira, ndi setilaiti, ndipo zimenezi zimachuluka dzuwa litangolowa kumene. Koma ukakhala wosongoka mbali zonse, wonenepa pakati, mwina wobiriwirako, pa chithunzi chimodzi chokha, mwakola nyenyezi yothothoka. Si nyenyezi ayi, ndi kamwala kokhala ngati kamchenga kamene kakupsa mumlengalenga, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pansi.

Funso: Ndikajambula Mlalang'amba, nyenyezi zimatuluka ngati timphutsi. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Mukutsegula kamera nthawi yaitali, ndiye dziko limakhala litazungulira. Gawani 500 ndi kutalika kwa lenzi (nambala ya mm) kuti mupeze masekondi amene simuyenera kupitirira. Lenzi ya 18mm pa kamera ya sensa yaing'ono imakhala ngati 27mm, choncho musapitirire masekondi 18. Ikani ISO (mphamvu ya kamera yokola kuwala) pa 3200, ndipo kabowo kolowera kuwala mu lenzi kakhale pa f/3.5 kapena f/2.8 ngati ilipo. Zimitsani autofocus, yomwe kamera imalunjikira yokha pa chinthu, chifukwa mumdima imangosakasaka. Kulitsani nyenyezi imodzi yowala pasikirini n'kupotokola lenzi pamanja mpaka ikhale kadontho kakang'onong'ono. Kamera ikhale pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), kapena pa thumba la mchenga, ndipo muike timer ya masekondi 2 kuti chala chisaigwedeze.

Sankhani usiku wopanda mwezi, Juni kapena Julayi, pamene pakati pa Mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamutu. Kukafika Seputembala anthu ali kalikiliki kutentha tchire, ndipo utsiwo umafufutitsa chithunzi chonse.