Mukufuna kunyanja kopanda chinamtindi? Dikirani Kamuzu Day idutse

Bambo wina wa ku Area 47 wanditumizira imelo. Akuti mlamu wawo anabwera ndi motorhome kuchokera ku Joni, galimoto zija zokhala ndi bedi, sitovu ndi kafiriji mkati momwemo, ndiye wawabwereka kuti azungulire ndi madam ku Salima, Mangochi, mwinanso kukwera ku Nyika. Funso lawo nlakuti apite mwezi uti kuti asakapeze anthu ali thithithi, chifukwa iwo akufuna kukapuma, osati kukamvera masipika a eni ake usiku wonse.

Bambo, nyamukani pakati pa Meyi, Kamuzu Day ya pa 14 ikangodutsa, ndipo 6 Julayi ikupezeni muli pakhomo panu. Nthawi imeneyi mvula imakhala yatha, misewu yadothi yauma koma fumbi lisanafike povuta, mapiri akadali obiriwira ndipo utsi wa anthu otentha tchire usanaphimbe kumwamba. Ana ali mkalasi teremu yachitatu ndiye mabanja ambiri sayenda. Azungu nawo amachuluka Julayi ndi Ogasiti pamene kwawo kuli tchuthi, ndipo nthawi yomweyonso masukulu athu amatsekera holide yaitali ija, kumapeto kwa Julayi mpaka Seputembala. Mukafika ku Cape Maclear mu Ogasiti mupeza malo abwino oimika galimoto pafupi ndi madzi atatengedwa kale.

Chinanso chomwe anthu saganizira, inu mukagona mgalimoto. Chitsulo chija chikakhala padzuwa la ku Mangochi tsiku lonse mu Okutobala, usiku mkatimo mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo mukatsegula mawindo udzudzu ndi umenewo. Mu Meyi ndi Juni kunyanja masana kumafunda bwinobwino, mutha kusambira, usiku kabulangete kamodzi kakukwanirani.

Masiku oti muwathawe mukuwadziwa kale, Isitala, Khirisimasi mpaka chaka chatsopano, komanso makamaka Mother's Day pa 15 Okutobala. Tsiku limeneli Lilongwe yense amatsetsereka mu M14 kupita ku Senga Bay, makosita a amayi a kumpingo, magulu a banki m'khonde atavala nsalu zofanana, anyamata ndi makula boksi awo, ndipo sindikunyoza ayi, ndi tsiku lokoma, koma si la munthu woyendetsa chigalimoto chachitali chofuna malo otembenukira. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi yomwenso maphwando a nyimbo ngati Sand Music Festival amakonda kuchitikira kunyanja, ndiye funsani masiku ake musanakonze ulendo.

Koma ndisakunamizeni kuti Juni alibe zake. Mwera umayamba kuwomba, masiku ena nyanja imawinduka moti boti lopita kukaona nsomba za mbuna kuzilumba silinyamuka, mumangokhala pamchenga kuyang'ana mafunde. Ku Nyika ndiye kumazizira zenizeni, ku Chelinda m'mawa udzu umatha kuyera ndi chisanu, tengani majekete. Ndipo ngati mtima wanu uli pa njovu za ku Liwonde, mu Meyi udzu umakhala wautali, nyama zimamwazikana chifukwa madzi ali paliponse. Zikatero sankhani pakati pa Seputembala, masukulu atangotsegulira, nyama zayamba kusonkhana m'mbali mwa Shire koma kutentha kusanafike pachimake. Ameneyu ndi mwayi wanu wachiwiri, ngakhale ine ndimakondabe Meyi.

Mwina wina akuuzani kuti pitani Januwale kapena Febuluwale, kulibiretu anthu ndipo malo ena amatsitsa mitengo. Nzoona. Koma nthawi ya mvula milatho ya mu M5 imatha kukokoloka, mukumbukirenso zomwe namondwe Freddy anachita kum'mwera mu Malichi 2023, ndiye galimoto yolemera, ya eni ake, ikatitimira m'matope kwinakwake mudzamuuza chani mlamu wanuyo? Malungonso amachuluka nyengo yomweyo. Ine ayi.

Za Nyika ndiwonjezere pang'ono. Msewu wochoka ku Rumphi kukwera mtunda ndi wovuta, ndipo ma motorhome ambiri si 4x4, pansi pake ndi pafupi ndi nthaka. Mufunse kaye mwini wake. Wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba, wamakona okhotakhota uja, musauyese ndi galimoto imeneyi mwezi ulionse, isiyeni kunyanja mukwere zina.

Tsiku lonyamuka nalonso ndi nkhani. Senga Bay ili pafupi kwambiri ndi Lilongwe, maola awiri mwafika, ndiye Loweruka lililonse, makamaka la kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, kumadzaza ngakhale mu Juni. Tulukani mtauni Lolemba, Salima muthane nayo mkati mwa sabata, wikendi ikupezeni kutali ngati ku Chintheche komwe a tsiku limodzi ochokera ku Lilongwe safikako. Mafuta thirani fulu thanki kuno ndipo paliponse mwapeza filing'i sitesheni yopanda mzere onjezerani, mukudziwa mmene dizilo amasowera nthawi zina. Malo alionse omwe mukufuna kugona imbani foni kaye, muwafunse ngati geti yawo ingalowe galimoto yaitali chonchi, ngati pali polumikiza magetsi a firiji, komanso ngati Loweruka limenelo sanabukitse ukwati.